Mwendo Umene Unadikira Mawu Anga

Kwathu mkazi sakhala wa mwamuna wake. Amakhala wa mbumba yake, ndipo mbumba ili ndi mwini. Mwamuna amabwera kudzamanga nyumba pamudzi pa mkazi, amalima, amabereka ana, koma pa matenda aakulu ndi pa maliro mawu ndi a mlongo wake wa mkaziyo, kapena amalume ake. Mbumba yathu mwini wake ndine. Mudzi wathu uli kumapeto kwa Ngauma, kufupi ndi malire a Mandimba. Timalima chimanga ndi fodya. Azilongo anga anali atatu, onse anapita. Ana awo aakazi ndi zidzukulu zawo ali m'manja mwanga.

Mwambo umati mkamwini adziwitse mwini mbumba. Kudziwitsa basi. Zinazo ndinawonjezera ndekha.

Nkhondo itangotha, mlongo wanga wamkulu anadwala m'mimba. Mwamuna wake anamukweza panjinga n'kudutsa naye malire kupita ku Malawi, osauza munthu. Anafera komweko, anthu achilendo ndi amene anamuika m'manda. Ine ndinamva patatha sabata. Ndinaitana akamwini onse pabwalo panga. Ndinawauza kuti kuposito azipita mmene afunira, pakuti ndi pakhomo, koma kupitirira posito ndi mkazi wa mbumba yanga ayi, pokhapokha nditanena ine. Patapita zaka mmodzi anayesa. Anatenga mkazi wake kukachotsa dzino ku Mandimba. Ndinamulipitsa mbuzi. Anthu anati uyu ndiye mwamuna, ndipo palibe anayesanso.

Positoyo ndi kachipatala kathu, zipinda zitatu ndi khonde. Wapansi amayenda maola awiri kuti akafike. Namwino ndi mmodzi. Kubereketsa ndi yemweyo, kubaya ana ndi yemweyo, kulemba m'mabuku ndi yemweyo, ndipo akapita kumsonkhano kuboma pakhomo pamalendewera loko. Mjigo wa pamenepo unathyoka kalekale, odwazika matenda amatunga madzi kudambo. Chimbudzi chinagwa. Mankhwala akabwera amatha ngati mchere wa pamaliro, pamatsala timapiritsi toyera ta mutu, timene amapatsa wa malungo, wa chifuwa ndi wothyoka dzanja yemwe. Koma kukamveka kuti kukubwera alendo a galimoto zoyera, khoma lakumaso amalipaka laimu, ndipo ife amatiuza kuti tivale bwino tikawombe m'manja. Ine ndinapitako kamodzi. Sindinawombe.

Chaka chimene ndikunena, maso anga anachita nkhungu. Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ya njanji ku Cuamba, iye anati ndibwere akandionetse kwa a maso. Ndinanyamuka dzinja lili mkati, anthu akuthyola fodya. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu aliyense. Foni ndinaisiya m'chitini pamwamba pa khoma, chifukwa inali itatha moto ndipo sindikonda kukakhala pagolosale kudikira magetsi a eni ake. Nambala ya mwana wanga inali m'foni imeneyo basi, ndipo manambala otsegulira foniyo ndinkawadziwa ine ndekha. Ndinauza mkazi wanga kuti ndibwera pakatha sabata imodzi.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo.

Mlongo wanga wotsiriza anasiya ana aakazi awiri. Wamng'onoyo ndimamuti mwana, ngakhale ali ndi ana ake anayi. Tsiku lotsatira nditachoka, mwanayo anaponda chisonga cha nsungwi pachigafa, pamene timayanika fodya. Chinalowa pansi pa chala chachikulu cha phazi lakumanzere. Anachizula yekha, anamanga kansanza n'kubwerera kumunda, pakuti fodya akapsa sadikira munthu. Tsiku lachitatu phazi linatupa. Amayi a pamudzi anachita zawo. Wina anatafuna masamba n'kumata. Wina anagula makapisozi kwa munthu amene amagulitsa pansi patsiku la msika, pambali pa sopo ndi mabatire, anawatsegula n'kuthira ufa wake pabala. Tsiku lachisanu mwanayo sanathe kuponda pansi. Mwamuna wake anamukweza panjinga kupita kuposito.

Namwino anamasula nsanza, anadina mwendo ndi chala, ananunkhiza. Anafunsa ngati mayiyu amamwa madzi kwambiri ndiponso ngati amataya madzi pafupipafupi. Anati inde, kuyambira chilimwe. Namwino anati akukayikira nthenda ya shuga, koma kamakina koyezera kanalibe timapepala take. Anatsuka bala ndi madzi a mchere. Kenako analemba giya, kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu, ndipo anawauza kuti apite ku Mandimba tsiku lomwelo, osati mawa, ndi kuti mwina a kumeneko akawatumiza mpaka ku Cuamba. Ambulansi inali itapita kwina. Anati akwere mota, njinga yamoto ya matola, kufika pamsewu wa phula, pamenepo shapa, timabasi tonyamula anthu, zimadutsa tsiku lonse.

Mkamwiniyu ndi munthu wofatsa, wa khasu lolimba. Anachokera ku Nyanja ya Amaramba, bambo ake anali msodzi, ndipo pamudzi pathu alibe wake. Anapinda giya bwinobwino, anaika m'thumba la malaya, anakweza mkazi wake panjinga n'kubwerera kunyumba.

Mkazi wanga anawauza kuti apite, mlandu adzayankha iye. Mkamwini anayankha mwaulemu kuti amayi sali a mbumba iyi. Ndi zoona. Mkazi wanga ndinachita kumutenga kwawo, ndipo mawu amenewo ndinanena ndine pamaso pa anthu, kangapo konse. Anayesa kuika moto m'foni yanga, inayaka, koma inakana kutseguka. Wodwala mwini wake anati adikire, amalume anati sabata imodzi, yatsala pang'ono kukwana. Anadikira masiku awiri. Ine sindinabwere, chifukwa a maso anandisinthira tsiku.

Tsiku lachitatu kuchokera pamene giya inalembedwa, mkamwini ananyamuka m'mawa. Anakwera mota mpaka paphula. Anakwera shapa mpaka ku Mandimba, anatsika, anadutsa pafupi ndi chipatala chimene giya inkanena, giyayo ili m'thumba. Anakwera shapa ina ya ku Cuamba. Kumeneko anafunsa anthu a njanji mpaka wina anamulozera nyumba ya mwana wanga.

Anandipeza masana ndili pampando patsinde pa mango, diso limodzi ataliphimba ndi nsalu yoyera. Anakhala pansi chapatali, anavula chipewa. Anafunsa za diso. Anafunsa za ana a m'nyumbamo mmodzimmodzi. Ine ndinafunsa za mvula, iye anati ikugwa bwino. Ndinafunsa za fodya, anati masamba apansi atha, ayamba apakati. Mlendo sanena chimene wadzera asanamwe madzi, ndipo wamkulu safunsa ngati wamantha. Mpongozi wanga anabweretsa madzi, kenako chakudya. Tinadya. Ndinamuona kuti akudya pang'ono, ndinaganiza kuti ndi manyazi a m'tauni. Atasamba m'manja ndi pamene anatulutsa pepala lija n'kulipereka ndi manja awiri.

Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma Chipwitikizi ndimawerenga. Ndinaliyandikiza kudiso lotsalalo. Ndinaona dzina la mwana wa mlongo wanga. Ndinaona tsiku limene linalembedwa. Pamwamba panali liwu loti mwachangu, namwino atalemba mizere iwiri kunsi kwake, mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala.

"Wodwalayo ali kuti?"

"Ali kumudzi, bambo."

"Iwe wabwera ndi yani?"

"Ndekha, bambo."

"M'shapa munalibe malo a anthu awiri?"

"Malo analimo, bambo. Mawu anu ndi amene panalibe."

Kuchokera pamango paja kupita kuchipatala chachikulu cha ku Cuamba, munthu amafika asanamalize mfundo ziwiri za nzimbe. Munthuyu anayenda ulendo wonse umene wodwala anayenera kuyenda, anakhala pampando umene wodwala anayenera kukhala, n'kudzafika pakhomo pa chipatala ndi pepala lokha. Ndinamutcha chitsiru. Ndinamufunsa ngati m'mutu mwake muli ubongo kapena mamba a nsomba za kwawo. Anangoyang'ana chipewa chake. Mwana wanga anali atabwera kudzadya. Iye ndi amene anandidula. Anati zokalipa zidikire, ndipo anafunsa mkamwini ngati ali ndi nambala ya munthu aliyense wa kumudzi. Anali ndi ya mwini golosale.

Ndinalankhula ndekha, mokweza, kuti mwini golosaleyo asadzanene kuti sanamve. Ndinati aitane mkazi wanga, apeze mota, wodwala anyamuke nthawi yomweyo. Koma kumudzi mvula inali itagwa kuyambira m'mawa ndipo mtsinje wa pakati pa ife ndi phula unali utadzaza. Wa mota anati sawoloka ndi munthu wosatha kuima. Linapita tsiku linanso.

M'mawa mwake ine ndi mkamwini tinakwera shapa yoyamba ya ku Mandimba. Msewu umenewo kale unali wa matope, galimoto zinkagona m'njira. Tsopano ndi phula losalala. Ndinakhala pawindo kuyang'ana phulalo, ndinalibe choti n'kunamizira.

Tinawapeza atafika kale pachipatala, mtsinje uja unali utaphwera usiku. Mwanayo anali atagona pabenchi, mutu pamiyendo ya mkazi wanga, mwendo ataukulunga ndi kapulana, chitenje chake. Fungo linandilonjera ndisanafike pomwe anali. Ndaphapo nyama zambiri, ndakumbapo manda, ndanyamulapo maliro a masiku atatu nthawi ya nkhondo. Fungo la munthu wamoyo amene akuwola ndi lina. Anthu a pabenchipo anali atasuntha, wina ataphimba mphuno ndi mpango. Ntchentche zinkatera pansalu, mkazi wanga akuziingitsa ndi katsamba. Atamasula m'chipinda ndinalowa nawo. Zala ziwiri zinali zakuda ngati makala. Phazi lonse linali lotuwa ndi lonyowa, ufa wa makapisozi uja utauma m'mbali mwa bala, ndipo kutupa kunali kutakwera kupitirira kakolo. Ndinatuluka panja kukalavula.

Mwanayo atandiona anayesa kumwetulira. Anafunsa ngati diso lachira.

A ku Mandimba sanachedwe. Anamuyeza magazi, anati shuga ndi wokwera kwambiri. Anamuika diripi, anati apa pafunika mpeni ndipo mpeni wake uli ku Cuamba. Ambulansi inamutenga masana omwewo pamodzi ndi mkazi wanga. Ine ndi mkamwini tinawatsatira pa shapa, msewu womwe uja. Iye unali ulendo wake wachitatu pa masiku awiri.

Dotolo amene anationa m'mawa mwake anali mkazi, wamng'ono kuposa mwana wanga. Chinyanja sankachidziwa, panali namwino wachimakuwa amene ankamasulira. Dotoloyo anatenga giya ya kuposito ija, anayang'ana tsiku, anawerenga ndi zala. Anafunsa kuti masiku onsewa wodwala anali kuti. Mkamwini anayang'ana ine. Dotolo anafunsa ngati vuto linali mtunda kapena galimoto. Ndikanatha kunena za mtsinje, sibwenzi ndikunama. Ndinayankha m'Chipwitikizi changa kuti ankadikira ine.

Sanamvetse. Namwino uja anamufotokozera pang'onopang'ono za amalume ndi mbumba, pakuti kwawonso ziliko. Dotolo sanandikalipire. Ananena kuti akanabwera tsiku la giya mwina akanataya chala chimodzi, mwina ziwiri. Tsopano mwendo uyenera kuchoka kunsi kwa bondo, ndipo akachedwa tsiku lina chovundacho chilowa m'magazi, munthu apita.

Anabweretsa pepala lovomereza. Ine ndinali nditatulutsa kale cholembera changa, chifukwa mapepala onse a mbumba ndimasaina ndine. Dotolo anadutsa dzanja langa n'kuika pepalalo pachifuwa cha wodwala. Anati mayiyu ndi wamkulu, mutu wake ukugwira ntchito, pafunika chala chake, osati cha amalume kapena cha mwamuna. Namwino anamasulira zonse, ndipo anamupaka inki pachala chachikulu.

Mwanayo anagwira chala m'mwamba, chili chakuda ndi inki. Sanayang'ane pepala, sanayang'ane mwamuna wake.

"Amalume, ndidinde?"

"Mwendo ndi wako, mwana iwe."

Chala chinakhalabe m'mwamba. Dotolo anayang'ana wotchi yake.

"Nenani, amalume."

"Dinda."

Anadinda.

Anakhala m'chipatala sabata zitatu. Mkazi wanga ndiye anadwazika, mkamwini anabwerera kumudzi chifukwa cha ana ndi fodya. Theka la fodya wawo linapsera m'munda. Ine diso linatseguka bwino, ndimaona tsopano mpaka nyerere pansi.

Titabwerera ndinaitananso akamwini pabwalo. Ndinawauza kuti mawu aja ndawachotsa. Namwino akalemba giya, munthu anyamuke ndi giyayo, ine adzandiuze pobwera. Ndinanena kawiri. Anawomba m'manja n'kunena kuti amva, monga momwe anawombera tsiku limene ndinaika lamulolo. Wina wachikulire anati bambo akulankhula ndi chisoni, mtima ukakhala pansi adzabweza. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Mwa onsewo ndi mmodzi yekha, wamng'ono pa onse, amene anadzapita ndi mkazi wake ku Mandimba osandiuza. Anzake anamunena kuti ndi wamwano. Enawo amabwerabe. Amandipeza kumunda, amayamba ndi za mvula.

Chilimwe chake kunabwera anthu a zaumoyo kudzachititsa msonkhano pasukulu. Nkhani ya mwendo anali ataimva. Sanatchule dzina, koma aliyense anadziwa. Mnyamata wovala malaya oyera anati miyambo ndi imene ikupha anthu kumidzi, ndipo anabwereza mawu amenewo kanayi. Ndinaimirira. Ndinati mbali yanga ndaivomera, ndiyo masiku anayi. Ndinamufunsa kuti nanga miyezi yonse ija mwanayu ankamwa madzi ngati ng'ombe, n'kupita kuposito kawiri, n'kubwerako ndi timapiritsi ta mutu, unali mwambo wa yani? Kamakina kopanda timapepala ndi mwambo wa mtundu uti? Analemba m'kabuku kake n'kunena kuti akafikitsa kwa akuluakulu. Kenako anagawa mabisiketi. Timapepalato tinabwera patapita miyezi, tinatha, sitinabwerenso. Mankhwala a shuga mwezi wina amapezeka, mwezi wina ayi. Akasowa, mkamwini amapita ku Mandimba kukawafuna, ndipo mwanayo amakhala masiku osamwa.

Ndodo za kuchipatala zinathyoka dzinja lotsatira. Mkamwini anasema zina za mlombwa, anakulunga nsanza pamwamba kuti zisamadye m'khwapa. Kumunda mwanayo sapitanso, ndodo zimamira m'mizere. Amakhala pachigafa kusoka fodya amene ena athyola. Mwana wake wamkazi woyamba anasiya sukulu kuti azitunga madzi ndi kusinja. Mwendo wa pulasitiki anati ulipo kutali, alembetse dzina. Analembetsa.

Sanandinenepo mawu oipa, iye kapena mwamuna wake. Ndikanakonda akanandinena. Munthu akakutukwana umadziwa poyankha.

Ndikapita kunyumba kwake, amaitana madzi akumwa. Akabwera nawo, salola kuti wina andipatse. Amatsamira ndodo imodzi, inayo amaigoneka pansi, amagwira mzati wa khonde n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono kuti agwade. Bondo lathunthu limafika pansi poyamba. Chitsa cha mwendo winawo chimagunda dothi, nkhope yake imakwinyika, madzi amatayikira pamkono. Ndinamuletsa. Ndinamukalipira pamaso pa ana ake. Ndinayesa kulanda kapu asanayambe kutsika, iye anaibweza kumbuyo.

"Ndinu amalume," anatero.

Tsopano ndimapita kwake nditamwa kale madzi kwanga, ndipo ndimanena ndili panjira kuti ndilibe ludzu. Amatumabe kapu. Ndimaima pamenepo kudikira kuti afike pansi, ndilandire, ndimwe. Kudzuka kwake kumatenga nthawi yaitali kuposa kutsika, ndipo dzanja langa salilandira.